Waya Umene Unapha Atate Anu

Bwera nalo kuno bukulo, Rozita, ndiliyandikize kumaso. Masiku ano zinthu ndimaziona ngati zili m'nkhungu ya nthawi ya chisanu. Eya, ichi ndachizindikira: waya wopiringizidwa ngati nkhata, ndipo pambali pake pali maginito. Ukuti purofesoro wanu wafotokoza kawiri koma sunatolepo kanthu? Usamuseke mlongo wako, Zakariya. Iwe za magetsi umangodziwa kulowetsa chingwe m'telefoni, ukachoka apo ndiwe mlendo.

Khalani pansi nonse awiri, mvulayi sikata msanga. Ndikuuzani za nkhata ya wayayi, koma mudziwiretu kuti nkhani yake siithera pabwino.

Pa Domwe pano mukafunsa dzina langa la ubatizo, palibe angakuyankheni. Onse amati aBobina. Bobina ndiye nkhata ya waya wa mkuwa imene ili m'bukuyi, ndipo ine ndakulunga zimenezi kuyambira ndevu zikungomera mpaka maso atandikana.

Atate anga ananditumiza ku mishoni ku Fonte Boa kuti ndikaphunzire kupala matabwa. Kunalibe shapa, timinibasi tonyamula anthu tija, masiku amenewo. Ndinayenda wapansi, mbatata yootcha ndi chimanga chokazinga ndazimanga pakansalu, nsapato ndazikoloweka m'khosi kuti zisathe. Inu kupita pa msika pomwepa mumafuna njinga yamoto! Matabwa sanandikonde, ine sindinawakonde. Ndinkangozemba kukasuzumira m'nyumba ya injini, mmene munkagwira ntchito Irimau wina, ndiye kuti bulaza wa mpingo, mzungu wamfupi wa zala zakuda ndi mafuta. Atatopa nako kundithamangitsa, tsiku lina masana anandiitanira m'chipinda chosungiramo katundu, chopanda zenera. Anagadabuza njinga yake, miyendo m'mwamba, n'kupukusa gudumu. Kanyali kakutsogolo kanayaka.

"Motowu ukuchokera kuti?" anandifunsa. Chinyanja chake chinali chotsimphina koma chomveka.

"M'mabatire, aIrimau."

"Afune."

Ndinafuna paliponse, mpaka pansi pa chishalo. Munalibe. Iye anamasula kabotolo kachitsulo kamene kamakhuza tayala, dinamo, n'kukatsegula. M'katimo munali zinthu ziwiri zokha: maginito ozungulira, ndi waya wokulungidwa pa chitsulo. Zinthu ziwirizi sizinkakhudzana n'komwe. Analumikiza wayayo ku kachipangizo ka singano yoloza mphamvu, n'kuika maginito pafupi, phee. Singano osagwedezeka. Atangowasuntha, singano inadumpha. Atawaimitsa, inagona. Atawabweza m'mbuyo, inadumphira mbali ina.

"Waona? Maginito akakhala chete, waya ugona. Akasuntha, waya udzuka."

Rozita, zonse zimene purofesoro wako walemba pa bolodi ndi mawu amenewa basi. Maginito ali ndi mphamvu yosaoneka yowazinga, monga mmene moto umakufundira usanaukhudze. Mphamvuyo ikangokhala, waya alibe nayo kanthu. Koma ikasintha, ikakula kapena kuchepa, imakankha magetsi m'wayamo. Ukachulukitsa mapiringizo, kukankhako kumakula. Ukasuntha mofulumira, kumakulanso. Ukalowetsa chitsulo pakati pa nkhatayo, chitsulocho chimasonkhanitsa mphamvu ija pamodzi monga ngalande imasonkhanitsira madzi a m'munda.

Phunziro lachiwiri linandipweteka. Anandigwiritsa nsonga ziwiri za bobina yaikulu, n'kuilumikiza ku kabatire kakang'ono koti ngakhale pa lilime sikaluma kwenikweni. Sindinamve kanthu. Kenaka anachotsa batire mwadzidzidzi. Abale! Nyesi inandimenya mpaka m'zigongono, ndinatukwana mawu oipa pamaso pa munthu wa Mulungu. Iye anaseka mpaka kukhala pa thumba la nyemba. Atapuma anandiuza kuti magetsi akamayenda mu bobina, bobinayo imasanduka maginito payokha. Ukawadula, umaginito uja umagwa, ndipo kugwako ndi kusinthanso, tsono kumakankha magetsi mwaukali kuti apitirire. Bobina ndi yamakani. Ukafuna kulowetsa magetsi imakaniza, ukafuna kuwachotsa imakanizanso. Kamoto kamene kamayatsa mafuta m'injini ya galimoto kamabadwa ndi makani omwewo.

Lachitatu mumvetsetse, ana inu. Anakulunga mabobina awiri pa chitsulo chimodzi, ina uku ina uku, osalumikizana ndi kawaya kalikonse. Yoyamba anaipatsa magetsi a injini, yachiwiri anaimangirira babu. Babu linayaka. Magetsi a m'mawaya a pamsewu sayenda njira imodzi ngati a batire. Amapita n'kubwerera, kamakumi asanu pa sekondi imodzi, choncho umaginito wa bobina yoyamba umangobadwa ndi kufa, kubadwa ndi kufa, popanda munthu wosuntha kanthu. Bobina yachiwiri imamva kusinthako n'kudzuka. Ndiyo transifoma, chimgolo chimene chimalira pa mtengo paja pafupi ndi msika. Akupukuta manja, Irimau anawonjezera mawu ena. Anati ngakhale mawaya owongoka, akayenda moyandikana mtunda wautali, wamoyo amadzutsa wakufa. Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamve.

Ntchito yanga inali kukulunganso ma mota opsa, a zigayo ndi a mapampu. Mota ikapsa ndinkatumbula waya wakale wonse, kuwerenga mapiringizo ake, n'kukulunga watsopano pa kathabwa komwe ndinasema ndekha. Mapiringizo khumi alionse ndinkaponya nyemba imodzi m'chitini kuti ndisasokoneze. Agogo anu aakazi ankadandaula kuti ndikutha ndiwo. Ndikamaliza ndinkapaka vanishi n'kuumika mumgolo wokhala ndi makala pansi. Fungo lake linkandikhala m'malaya sabata yathunthu, ndipo kutchalitchi anthu ankadziwa kuti ndalowa asanacheuke.

Nkhondo itafika m'mapiri muno tinathawira ku Dedza. Atate anu, Domingo, anali kumsana kwa amayi awo. Ine ndinasenza mbewu ndi zofunda. Panatsala mpukutu wa waya wa mkuwa, wolemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo ndinati usiyidwe. Mlongo wanga Anastaziya, wobadwa pambuyo panga, anatula dengu la mbale ndi miphika yake pansi, n'kusenza mpukutuwo.

"Mbale tikapempha, achimwene," anatero. "Koma inu popanda wayayu mukakhala ndani kumeneko?"

Anausenza masiku awiri. Pamutu pake panatupa, tsitsi linasosoka, ndipo pamalopo silinamerenso. Waya umenewo ndiwo unatidyetsa ku Malawi. Anzathu akungodikira ufa wachikasu ndi nandolo za othawa nkhondo, ine ndinkakonza mawailesi ndi zigayo za eni dziko. Dzina limenelo, Anastaziya, inu mumalimva mongonong'ona. Amayi anu akalitchula amalavula malovu. Lero mwamva chimene munthuyo anachita.

Mtendere utabwera tinabwerera. Nyumba zinali phulusa, koma mitengo ya mapichesi tinaipeza itabereka popanda wodya zipatso zake. Domingo anakulira pa benchi langa. Manja ake anali abwino kuposa anga, sankasowa nyemba, ankawerengera mumtima akuimba mluzu. Iwe Zakariya, makutu otambalalawo ndi ake, usamawabise m'chipewa. Koma mmene iye ankakhwima pa ntchito, ntchitoyo inali ikufa. M'masitolo a ku Ulongwe munadzaza ma mota atsopano otchipa. Ikapsa, mwini wake amataya n'kugula ina, yakaleyo n'kugulitsa kwa anyamata ophwanya kuti achotse mkuwa. Miyezi inkatha pakhomo osabwera munthu. Choncho itabwera empureza ina, kampani yokoka mawaya a magetsi kupita kumidzi, Domingo analembedwa. Ndinanyadira. Ndinkauza aliyense kuti mwana wanga akukwera mitengo ya magetsi, wavala chisoti.

Nthawi yomweyo panali mkangano wa dimba, lija la kumtsinje limene anasiya amayi athu. Anastaziya ankati ndi la mbumba ya kuchikazi, la mwana wake Marita. Domingo ankati lakhala tsala zaka zambiri, n'kubzalamo kachewere osapempha. Kunena zoona, mlongo wanga ndiye ankalondola. Anakumana pa chigayo, anthu ali pamzere, ndipo mawu anakula. Anastaziya anali ndi pakamwa pakuthwa kuyambira ali mwana.

"Bzala, mwana wa achimwene," anatero. "Koma kachewereyo sudzamudya."

Ankatanthauza kuti akamuzula. Ndikudziwa chifukwa madzulo ake anabwera kudzabwereka khasu langa, ine n'kumumana.

Patapita masiku anayi, m'mawa, ndinali pakhonde pano kusankha mbewu ya kachewere. Domingo anaima apo pali mtondo, akumanga nsapato.

"Lero tikukoka waya watsopano pambali pa wakale uja, atate, wa kuseri kwa phiri."

"Akuzimitsa wakalewo?"

"Iyayi, sangazimitsire anthu magetsi tsiku lonse. Koma ife sitiukhudza. Wathu ndi wakufa, sunalumikizidwe kulikonse."

Kanthu kena kanandigwira mumtima, ngati munthu wakukoka malaya kumbuyo. Mawu a Irimau anafika pakhosi. Ndiye ndinaganiza kuti a empureza ali ndi mashefi, mabwana ophunzira a mapepala awo, ine wa pabenchi ndingawauze chiyani? Ndinaopanso kuti mwana andiseka, ati madala ayamba mantha. M'manja ndinali ndi kachewere wowola, maso anga anali pamenepo.

"Uyende bwino," ndinatero.

Mawu anga otsiriza kwa atate anu ndi amenewo. Ndikanangoti, musanaugwire muumangirire ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka pomwe mwaimapo, kuti nyesi ikabwera ilowe pansi. Mawu ake ndi ochepa kuposa amene ndimatha potsutsana ndi munthu za mvula.

Dzuwa lili pamutu, mnzake wa kuntchito, Bonifasiyo, anafika panjinga yamoto. Anatsika osaizimitsa, n'kugwada apo pafumbi. Rozita, iwe unali ndi zaka zinayi, unkasewera ndi zisononkho kuseri kwa nkhokwe. Zakariya anali kubere. Bonifasiyo atanena zoti anene, amayi anu anagwa. Ine ndinamugwira dzanja n'kumukokera pambali.

"Tandiuza bwino. Anakhudza waya wamoyo?"

"Ayi, madala, ndinaona ndi maso angawa. Anagwira wathu, watsopano. Sunalumikizidwe kulikonse. Nsonga yake ina inali gone m'dambo kutali uko. Iye anaima pansi, anangougwira kuti aukweze, basi anauma."

"Wakalewo unali kutali bwanji?"

"Ngati pano ndi pa khola apo."

"Munayenda nawo limodzi mtunda wotani?"

"Kuchokera pa mlatho mpaka kuseri kwa phiri."

Ndinamusiya dzanja. Zonse zinali poyera ngati pa benchi la Irimau. Waya wakale unali bobina yoyamba, watsopano yachiwiri. Nsonga ina inali m'chinyontho cha dambo, ndipo kunkangosowa chinthu chimodzi cholumikiza nsonga inayo ndi nthaka kuti magetsi apeze njira yozungulira. Chinthucho chinali mwana wanga.

Pamaliro nkhani inayenda msanga kuposa moto wa lupsa. Waya wakufa wapha munthu! Amene anali pa chigayo tsiku lija anayamba kukumbutsana mawu a Anastaziya. Agogo anu aakazi analira akutchula dzina lake. Iye anabwerabe, anakhala pakati pa amayi anzake, ndipo amene anayandikana naye anasendera kutali. M'mawa wa tsiku loika, amuna tili pansi pa mtengo wa mapeyala, bambo wina wachikulire wa kumpingo anakweza mawu kuti onse amve. Anali munthu wofuna mtendere, ndikhulupirira ankafuna kuzimitsa motowo.

"ABobina, pano palibe wodziwa za magetsi kuposa inu. Tiuzeni. Waya wosalumikizidwa kulikonse ungaphe munthu?"

Ngakhale oimba anasiya nyimbo. Ndinacheuka n'kuona mlongo wanga akundiyang'ana, mpango utatsetsereka, malo aja opanda tsitsi ali poonekera. Ndinadziwa kuti ndikati inde, funso lotsatira likhala lakuti, tsono munkadziwa? Nanga mwana wanu simunamuuze bwanji? Mkazi wanga anali pomwepo. Amayi anu anali pomwepo, khanda lili m'manja.

"Ine sindinaonepo," ndinatero.

Silinali bodza, ana inu. Ndinali ndisanaonepo ndi maso. Ndinasankha mawuwo mosamala ngati mmene ndinkasankhira waya. Bambo uja anaweramitsa mutu. Pobwera kumanda, anthu sanapite kukasamba m'manja. Anapita kwa Anastaziya. Anasasula denga, anaphwanya mbiya, anamwaza ufa pabwalo. Sanamumenye, chifukwa mkamwini wake anaima pakhomo ndi chikwanje. Ine ndinakhala pano. Phokoso lonse ndinkalimva. Dzuwa lisanalowe anamuona akutsika njira ya kumalire ndi kamtolo pamutu, njira yomwe ija tinathawira nkhondo.

Kachewere wa m'dimba uja anaolera m'nthaka. Palibe anafuna kumukumba, ndipo anthu anati ndi umboni winanso.

Chaka chitatha mtima unandikanika. Tsiku la msika ndinanyamula mabobina awiri ndi babu, ndinapempha magetsi pa sitolo ina, n'kuitana anthu. Ndinaonetsa kuti palibe cholumikiza, ndinadutsitsa pepala pakati, babu lili ngwee. Ndinafotokoza zonse monga ndakufotokozerani inu, kupatula za m'mawa uja pakhonde. Anthu anaombera m'manja ngati ndi masewera. Mayi wina anati, "Mwaona? N'za kumtundu. Mlongo apha ndi waya wakufa, mchimwene ayatsa nawo nyali." Anaseka n'kubalalika. Ena anati chisoni chandisokoneza mutu, ndikufuna kuyeretsa m'bale wanga. Tsiku la maliro akanandikhulupirira ndi mawu amodzi. Tsopano ngakhale babu loyaka silinathandize. Agogo anu aakazi anamwalira akukhulupirirabe kuti mlamu wawo anawadyera mwana, ndipo ine ndinawasiya apite choncho.

Anastaziya ndinakamufuna ku Dedza patatha zaka zitatu. Ndinamupeza m'mudzi wa anthu amene anatisunga nthawi ya nkhondo, m'kanyumba komwe kale kanali kosungiramo fodya. Ankamenya nyemba za eni ake pa mkeka. Anali atachepa ngati mwana. Anandiyalira chiguduli, n'kundipatsa madzi m'chikho, osafunsa za kumudzi. Ndinayamba kufotokoza za mawaya awiri, za dambo, za umaginito. Anandidula.

"Zimenezo n'zanu, achimwene, ine sindinapite ku shikola. Ndingofunsa chimodzi. Munadziwa liti?"

"Tsiku lomwelo. Asanabwere naye n'komwe."

Anapitiriza kupeta nyemba. Mankhusu ankandigwera pamiyendo.

"Ndinaona pankhope panu," anatero. "Pansi pa mtengo paja. Ndinati, achimwene anga akudziwa, atsegula pakamwa tsopano apa. Ngakhale akusasula denga ndinkayang'ana kunjira kuti mutulukira."

Ndinamupempha kuti tibwerere limodzi, ndikanene zonse pamaso pa anthu, ndi za pakhonde zomwe.

"Mukanene kwa yani? Amene anandiphwanyira mbiya zanga akufuna kumva kuti analakwa? Domingo ndinamusambitsa ine atabadwa. Sanandilole ngakhale kuponya dothi." Anaika lichero pansi. "Nyamukani, dzuwa lapendeka. Malire atsekedwa muli kuno."

Anandiperekeza mpaka pa mtengo wa m'mphepete mwa bwalo, monga amachitira ndi mlendo aliyense, n'kubwerera ku nyemba zake. Mvula yotsatira anamwalira. Marita ananditumizira uthenga woti maliro ayenda bwino popanda ine. Manda ake sindikuwadziwa.

Zida zanga mukuziona m'bokosi umo zachita dzimbiri, ndipo ndikafa mudzagulitse kwa ophwanya mkuwa, palibe adzazifune. Zimenezo sizindiwawa. Munthu amene anandiphunzitsa anandipatsa zinthu zitatu ndi chenjezo limodzi. Zitatuzo ndinadya nazo moyo wanga wonse, chenjezolo ndinakhala nalo m'kamwa kawiri, ndipo kawiri konse ndinameza.

Usalire, Rozita. Kapena lira, ndilibe mphamvu yokuletsa.

Za m'mawa uja sindinauzepo munthu wa pakhomo pano, inu ndinu oyamba. Amayi anu sadziwa. Zaka zonsezi ndi iwo amandiphikira, amandichapira, amanditsogolera kutchalitchi pondigwira dzanja. Ndipo mbiya yoyamba ya Anastaziya anaiphwanya ndi iwo, ndi manja awo, Zakariya ali kumsana. Ndikawauza, ndiwalanda mfiti imene akhala akuida, n'kuwasiyira mlandu umene sankadziwa kuti ali nawo. N'chifukwa chake ndakhala ndikuti mawa, mawa.

Imeneyo si sitepe ya amayi anu ndikuimva kuseri kwa mpanda? Ndi iwo, akukutumula matope kumapazi. Zakariya, thamanga ukawalandire katundu. Akakhala pansi muwauze kuti agogo ali ndi mawu. Akanena kuti ndichoke pakhomo pano, musawatsutse. Koma inu awiri musachoke. Khalani pomwepa, pamene ndingakuoneni. Ndikayamba kusankha mawu, Rozita, undiuze pamaso pawo kuti, agogo, si mmene munanenera.